MUYESO WA KATUNDU PA MISEU YA KUMPOTO: Kuyambira pa Mutu wa Mtengatenga Kufikira pa Sikelo ya ku Songwe

Munthu wokhala ku Katawa sasowa kuona katundu ali pa ulendo. Mzinda wa Mzuzu uli pa mphambano pamene mseu waukulu wa M1, wochokera ku Lilongwe kunka ku Karonga, ukomana ndi mseu wotsikira ku Nkhata Bay, ndipo usana ndi usiku m'miseu imeneyi mupita malole a matabwa, a mafuta, a malasha ndi a feteleza. Pakati pa malolewo mupitanso timagalimoto tochokera ku Johannesburg tikukoka ngolo zosanjikiza katundu wa abale amene ali pa ntchito kumeneko, ndiponso nthawi zina magalimoto a alendo a kunja osenza kanyumba kogonamo pamsana, alikupita kukaona nyanja. Mmisiri wowotcherera zitsulo, poona zotere, akhoza kuyesa kuti palibe chovuta: munthu angomanga kanyumba kotero, nakakhazika pa ngolo yathyathyathya yopanda zipupa, nakakoka ndi galimoto iliyonse imene ili ndi chitsulo chokolekera kumbuyo.

Koma pali muyeso umene katundu aliyense ayenera kulekezera, ndipo Boma linauika m'malamulo. Anthu ambiri amayesa kuti malamulo amenewa ndi msampha wa masiku ano wotcherera ndalama za oyendetsa magalimoto. Komatu muyeso wa katundu unalipo m'dziko lino galimoto isanaoneke, ndipo nthawi zonse pamene unanyozedwa panali wina wolipira, kaya ndi thupi lake kaya ndi msonkho wake. Mbiri ili m'munsiyi yalembedwa kuti mamembala adziwe kumene muyesowo unachokera, ndi zimene munthu ayenera kuwerengera asanamange kapena kukoka ngolo yolemera.

MASIKU A MTENGATENGA

Magalimoto asanafike, katundu yense wa dziko lino anayenda pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba malonda ake m'chaka cha 1878, ndipo sitima zake zinkatula katundu m'madooko a m'mbali mwa nyanja. Koma kuchokera pa dooko kunka kumtunda panalibe njira ina koma kulemba amtengatenga, pakuti ng'ombe zokoka ngolo zinali kufa ndi kashembe m'madera ambiri. Ngakhale mseu wa Stevenson, umene unayambika ku Karonga m'chaka cha 1881 kulinga ku nyanja ya Tanganyika, unapondedwa makamaka ndi mapazi a anthu onyamula mitolo. Sitima yotchedwa Good News, ya amishoni a ku Tanganyika, inadutsa njira yomweyo ili zidutswazidutswa pa mitu ya anthu.

Mtolo wa munthu mmodzi unali wa mapaundi 50 kapena 60, ndiko kuti makilogalamu 23 kufikira 27 monga mwa muyeso wa masiku ano. Eni malonda anaudziwa muyeso umenewu kotero kuti nsalu, mikanda ndi zitsulo zinali kumangidwa m'mitolo ya kulemera kotere zisanachoke kwao ku Ulaya. Chinthu chikaposa apo chinali kupachikidwa pa mtengo kuti anthu awiri kapena anayi agawane. Muyesowu sunaikidwe chifukwa cha chifundo chokha. Akapitawo anaona kuti munthu wosenzetsedwa mopitirira amayenda bwino tsiku loyamba, natsalira m'mbuyo tsiku lachiwiri, ndipo lachitatu mtolo wake umapezeka m'mbali mwa njira mwiniwake atagwa kapena atathawa. Wofuna kufikitsa zambiri pa ulendo umodzi anali kufikitsa zochepa.

Pa nkhondo ya Chiwaya, imene inafika ku Karonga mu September 1914, anthu zikwi zambirimbiri a dziko lino anatengedwa kukanyamula zakudya ndi zida za asilikali kulowa m'dziko la Ajeremani. Maulendo anatalika, chakudya chinachepa, mpumulo panalibe, ndipo ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi kulema. Midzi ya Kumpoto inaphunzira pamenepo mtengo wake wa kusenzetsa thupi zoposa mphamvu yake.

Nyumba yoyenda nayo si chinthu chachilendo m'dziko lino. Bwana D.C. akamapita pa ulendo woyendera mafumu, nyumba yake inali kumtsata pa mitu ya anthu: hema, kama, tebulo, mpando, bafa ndi mabokosi a chakudya, mwiniwakeyo ali m'machila kapena pa njinga. Hemayo sanamsenzetse munthu mmodzi yense wathunthu. Chinsalu chinali ndi wake, mitengo ndi zikhomo zinali ndi wake, ndipo kapitawo asananyamuke anali kunyamula mtolo uliwonse kuti aumve kulemera kwake.

MALOLE OYAMBA NDI KUBADWA KWA MZUZU

Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo m'chaka cha 1935, pamene mlatho wa pa Zambezi unatha, inapitirira mpaka ku Salima. Kuyambira pamenepo katundu wa Kumpoto anali kubwera pa sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka, nakwera sitima ya pamadzi kufikira ku Nkhata Bay, Chilumba kapena Karonga. Vuto linatsalira pa chitunda. Nyanja ili pa msinkhu wa mamita ngati 475 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita ngati 1,250, ndipo mtunda wa pakati pa Nkhata Bay ndi Mzuzu sufika makilomita 50. Amishoni a ku Livingstonia anakomana ndi chitunda chomwechi pamene anasema mseu wa Gorodi, wa makona akuthwa ngati 20, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Malole anayamba kulanda ntchito ya amtengatenga m'zaka za m'ma 1920. Ngati mtolo uwerengedwa mapaundi 56, lole imodzi ya matani 3 inali kunyamula katundu wa anthu 120, niyenda tsiku limodzi mtunda umene iwo akanayenda masiku angapo. Mzuzu weniweniyo anabadwa ndi malole. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula minda ya mitengo ya tung, imene mbeu zake zifinyidwa mafuta opangira utoto, ndipo makina, simenti ndi malata a ntchitoyo zinakwera chitunda chochokera kunyanja. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, likulu la chigawo linasamuka ku Mzimba kudza ku Mzuzu, ndipo malo amene anali tchire anasanduka tauni, imene inalandira ulemu wa mzinda m'chaka cha 1985.

Koma miseu ya masiku amenewo inali yadothi, ndi milatho yambiri inali yamitengo. Mvula ya ku Viphya ndi ku Nkhata Bay ndi yambiri ndipo imachedwa kuleka. Lole yolemera ikadutsa dothi lili lonyowa inali kusiya mikwasa iwiri yakuya, madzi natsata mikwasayo naikumba kufikira mseu utasanduka ngalande. Chifukwa cha ichi a Public Works Department anali kukhoma matabwa pa milatho olembapo matani amene mlatho ungathe kusenza, ndipo m'nyengo ya dzinja malole olemera anali kuletsedwa m'miseu ina kufikira dothi litauma. Mwini lole amene anazemba lamulolo anapindula ulendo umodzi. Koma mlatho ukathyoka, amene anavutika ndi wodwala wopita ku chipatala, mwana wobwera ku sukulu ndi mlimi wa chimanga chosagulitsa, ndipo okakonza anali amuna a m'midzi yoyandikana ndi makasu ao.

ZIMENE ANAPEZA KU AMERICA

Pa nthawi yomweyo akatswiri a miseu m'maiko ena anali kufunafuna kudziwa kuti kulemera kwa galimoto kumaononga mseu motani. Kuyambira chaka cha 1958 kufikira 1960, bungwe la oyang'anira miseu a ku United States lotchedwa AASHO linachita mayeso pa miseu yoyesera imene linamanga pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois. Miseuyo inali yozungulira, ina yochindikala ina yopyapyala, ndipo asilikali anayendetsapo malole a kulemera kosiyanasiyana kwa zaka ziwiri, akatswiri alikulemba tsiku ndi tsiku mmene ming'alu ndi zigwembe zinali kuyambira.

Chimene anapeza ndicho maziko a malamulo a masiku ano. Mseu sumva kulemera kwa galimoto yonse pamodzi. Umamva kulemera kumene kuli pa ekiselo iliyonse, ndicho chitsulo chopingasa chimene matayala a mbali ziwiri amazungulirapo. Ndipo kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu sikuwirikiza kawiri koma ka 16, ndiko 2 × 2 × 2 × 2. Motero ekiselo yosenza matani 12 m'malo mwa matani 10 iononga mseu pafupifupi kawiri, ndipo yosenza matani 15 iuononga kasanu. Mseu womangidwa kuti ukhale zaka 20 ukhoza kutha m'zaka 10 ngati lole iliyonse iwonjeza matani 2 okha pa ekiselo. Mwa kuwerengera komweku, lole imodzi yodzaza ilemetsa mseu koposa timagalimoto tating'ono zikwi zingapo.

Apa mpamene paonekera chifukwa chake malole akulu ali ndi matayala ambiri. Kuonjeza maekiselo kuli ngati kuonjeza anthu pa mtengo wopachikapo katundu: katundu ndi yemweyo, koma phewa lililonse limva pang'ono.

NKHONDO YA KU MOZAMBIQUE NDI NJIRA YA KUMPOTO

Mseu wa M1 unathiridwa phula chigawo ndi chigawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Pa nthawi imeneyo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'Malawi anali kuyenda pa njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti miseu ya Kumpoto sinayembekezere malole ambiri akulu. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inasintha zonsezi. Pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitatsekeka, ndipo katundu amene anali wa sitima anagwera pa malole, ena ozungulira ku Durban, ena olunjika ku Dar es Salaam. Boma linatsegula mseu wochokera ku Karonga kudutsa mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania, ndipo pambuyo pake panamangidwa nkhokwe za katundu ndi mafuta a Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Ngakhale mtendere unabwerera ku Mozambique m'chaka cha 1992, njira ya Kumpoto sinatsekekenso, ndipo malole a mafuta anapitiriza kukwera chitunda cha Chiweta ndi kudutsa pa Mzuzu.

Katundu wina wolemera anabadwira konkuno. Migodi ya malasha ya ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga, m'boma la Rumphi, inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, ya mahekitala ngati 53,000, inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya zopangira mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo m'zaka za m'ma 2000 ocheka matabwa anadzaza m'nkhalangomo, matabwa natuluka pa malole kunka m'mizinda ya dziko lino ndi ku Tanzania ndi Kenya. Thabwa laliwisi lilemera kwambiri koposa louma, kotero kuti lole yooneka ngati yadzaza bwino ikhoza kukhala itapitirira muyeso ndi matani angapo.

Zotsatira zake anaziona aliyense woyenda pa M1: m'mbali mwa mseu munadyeka, pakati panabadwa maenje, ndipo pa zitunda mseu unakwinyika pamene matayala olemera amakanikiza pokwera. M'chaka cha 2022 inayambika ntchito yomanganso makilomita 301 a mseuwu, kuphatikizapo chigawo cha pakati pa Kacheche ndi Chiweta, ndi ndalama za ngongole ya European Investment Bank pamodzi ndi thandizo la European Union. Ngongole imeneyo adzaibweza ndi anthu onse okhoma msonkho, ngakhale amene alibe ndi njinga yomwe.

MALAMULO NDI MASIKELO

Popeza lole imodzi imadutsa maiko atatu kapena anayi pa ulendo umodzi, maiko a kuno kumwera kwa Africa anaona kuti muyeso uyenera kukhala umodzi. M'chaka cha 1996 maiko a SADC anasaina pangano la za mtengatenga ku Maseru, ndipo m'chaka cha 1997 Malawi anakhazikitsa lamulo latsopano la pamseu, Road Traffic Act. Miyeso imene mabungwe a SADC, COMESA ndi East African Community anagwirizana pambuyo pake ndi iyi: matani 8 pa ekiselo yakutsogolo yowongolera, matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, matani 18 pa maekiselo awiri oyandikana, matani 24 pa atatu, ndi matani 56 pa galimoto yonse pamodzi ndi ngolo zake.

Kuti miyeso yotere isakhale ya pa pepala pokha, panamangidwa masikelo oyezera magalimoto m'zipata za dziko monga ku Songwe, ku Mchinji ndi ku Mwanza, ndiponso pakati pa dziko ku Balaka, kuonjeza masikelo ang'ono onyamulika amene angatchedwe paliponse. Lole ikakwera pa sikelo, ekiselo iliyonse imayezedwa payokha. Chifukwa chake lole ikhoza kukhala yosapitirira matani onse ololedwa, koma nipezeka yolakwa popeza katundu anaunjikidwa mbali imodzi. Mwini lole yotere amalipira, ndipo amayenera kutsitsa kapena kusanjanso katunduyo. M'chaka cha 2006 panakhazikitsidwa mabungwe awiri, Roads Authority yosamala miseu ndi Roads Fund Administration yosunga ndalama zake, zimene zambiri zichokera pa msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta. Motero mayi wokwera minibasi kuchokera ku Katawa kupita ku Ekwendeni amaponyako kangachepe pokonza dzenje limene anakumba mwini lole wosamvera.

Lamulo linafikanso pa laisensi. Monga mwa magawo a malaisensi a SADC, amene Malawi anawatsata, laisensi ya B ndi ya galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo mwiniwake aloledwa kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 itadzaza. Wofuna kukoka ngolo yoposa apo ndi galimoto yaing'ono ayenera kukhala ndi laisensi ya EB, ndipo a malole akulu okoka ngolo ali ndi magawo ao a EC1 ndi EC.

ZA KANYUMBA PA NGOLO

Ngolo yaing'ono yokokedwa ndi pikiapu siingaononge mseu monga lole ya matabwa. Muyeso wa ngolo yotere uli ngati uja wa mtengatenga: uteteza moyo wa wonyamulayo ndi wa oyenda naye njira imodzi.

Tinyumba togonamo tokweza pa pikiapu tinafala ku America itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kanyumba kotere kali ndi kama, pophikira ndi thanki ya madzi, ndipo kapangidwe kake nkoti pansi pake mpopapatiza kuti palowe m'bodi ya pikiapu, pamene chipinda chogona chimatulukira kutsogolo pamwamba pa denga la woyendetsa. Kalemera kuyambira theka la tani kufikira matani 2 kapena kuposa. Anthu ena, posowa pikiapu yamphamvu yokasenza, amakakhazika pa ngolo yathyathyathya. Wochita zotere, kaya kanyumbako nkogula kaya nkomangidwa ndi mmisiri wa kuno, ali ndi zinthu zisanu zoti awerengere.

Choyamba ndi kulemera kwa zonse pamodzi. Ngolo yopangidwa ku fakitale ili ndi kachitsulo kolembapo kulemera kumene siyenera kupitirira itadzaza, ndipo kulemera kwa ngolo yokhayo kuli m'kati mwa chiwerengero chimenecho. Mwachitsanzo, ngolo yololedwa makilogalamu 2,000 imene payokha ilemera 600 yatsala ndi malo a 1,400 okha. Kanyumba ka makilogalamu 1,000 kakakhalapo patsala 400. Madzi okwana malita 100 achotsapo makilogalamu 100. Matumba awiri a chimanga achotsa 100 ena. Ndipo batire, botolo la gasi, tayala lapadera, zofunda ndi ziwiya zitsiriza otsalawo munthu asanazindikire. Ngolo yowotcherera kunyumba ilibe kachitsulo kotere, ndipo muyeso wake uli pa chiwalo chofooka koposa zonse, kaya ndi ekiselo, masipuling'i, matayala kapena chokolekera. Pa tayala lililonse palembedwa nambala yosonyeza kulemera kumene lingasenze.

Chachiwiri ndi mphamvu ya galimoto yokoka. Opanga galimoto amalemba kulemera kwa ngolo imene ingakoke, ndipo amapereka ziwerengero ziwiri, cha ngolo ya mabuleki ndi cha ngolo yopanda mabuleki. Injini yokhoza kukweza ngolo pa chitunda si umboni wakuti mabuleki adzaiimitsa potsika.

Chachitatu ndi malo okhazikapo kanyumbako. Pakati pa kulemera kwake payenera kukhala patsogolo pang'ono pa ekiselo ya ngolo, kuti mphuno ya ngolo ikanikize chokolekera. Ku America amalangiza kuti mphunoyo isenze gawo limodzi la magawo 10 a kulemera konse, kapena kuposerapo pang'ono. Kulemera kukachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku liwiro likakwera, nikankha galimoto kuichotsa pa mseu. Kukachulukitsa kutsogolo, msana wa galimoto umatsika, matayala akutsogolo napepuka, chiwongolero nichileka kumvera. Makilogalamu a pa mphuno ya ngolo awerengedwanso ngati katundu wa galimoto yokokayo, kotero kuti achepetsa anthu ndi katundu amene ingatenge. Chipinda chotulukira kutsogolo chija chiyeneranso kusiyiridwa mpata, kuti chisagunde galimoto pokhota pa kona yakuthwa.

Chachinayi ndi kumanga kwake. Kanyumba ayenera kukamangirira ngodya zonse zinayi ku chitsulo chenicheni cha chasi ndi mabawuti kapena maunyolo okungika, osati ku matabwa a pansi kapena ndi zingwe za mphira zomangira katundu pa njinga. Miyendo yake yoimikira pansi siinapangidwe kuti isenze pa ulendo. Popeza kanyumba nkatali, zolemera zonse ziikidwe pansi, pakuti katundu wa pamwamba ndiye agubuduza ngolo pa kona. Munthu asakwere m'kanyumbamo ngolo ikuyenda.

Chachisanu ndi mabuleki, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa anthu a dziko lamapiri. Lamulo la ku South Africa, kumene kuchokera ngolo zambiri zofika ku Mzuzu ndi ku Mzimba, liti ngolo yopanda mabuleki oyendera isapitirire makilogalamu 750, ndiponso isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda katundu. Ngolo ya pakati pa makilogalamu 750 ndi 3,500 iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo ikalemera kuposa galimoto yoikoka mabulekiwo akhale oti woyendetsa awagwiritse yekha ali pa mpando wake. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Kuchokera ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay galimoto imatsika mamita pafupifupi 800, ndipo ku Chiweta chitsetse nchakuthwa koposa. Ngolo yopanda mabuleki imakankha galimoto njira yonseyo, mabuleki a galimoto natentha kufikira aleka kugwira. Woyendetsa wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono, yomwe akanakwerera chitunda chomwecho.

MAU OTSIRIZA

Zaka zoposa 140 zapita chiyambire mseu wa Stevenson, ndipo chonyamulira chasintha kuchokera pa mutu wa munthu kufikira pa lole ya matani 56. Chimene sichinasinthe ndi chakuti wofuna kupindula posenzetsa mopitirira amakankhira mtengo wake kwa ena: kale kwa mtengatenga wogwa m'njira, pambuyo pake kwa amuna okonza mlatho ndi makasu, ndipo lero kwa okhoma msonkho ndi kwa oyenda pansi m'mbali mwa mseu.

Mamembala ambiri ali ndi abale ku Johannesburg amene amatumiza katundu pa ngolo, ena ali ndi ana ophunzira ntchito yowotcherera, ndipo ena akusunga ndalama kuti agule galimoto ya malonda. Onsewa nkhani iyi iwakhudza. Wotumiza katundu ali ndi ufulu wofunsa woyendetsa ngati ngolo yake ili ndi mabuleki ndi ngati laisensi yake imlola kuikoka. Mmisiri womanga ngolo achita bwino kuuza mwiniwake poyera makilogalamu amene ekiselo ndi matayala zingasenze, nawalemba pa ngolopo. Ndipo munthu wokhazika kanyumba pa ngolo, asanayambe ulendo wake woyamba, apite nayo pa sikelo ili yodzaza monga idzayendera, madzi ali m'thanki ndi katundu ali m'malo mwake, monga kapitawo wa kale anali kunyamula mtolo uliwonse asanalole anthu ake kunyamuka.